Njerwa za Holo Yathu ndi Madzi a ku Kachulu

Lamulungu lapitali a komiti ya chitukuko analengeza kuti ndalama za holo ya parishi zafika poti tikhoza kuyamba kukumba maziko mvula ikangotha. Tinaomba m'manja, ndipo kunali koyenera, chifukwa ndalamazi tazisonkha movutikira: zopereka zapadera, makadi a m'miphakati, mandasi ndi zitumbuwa za amayi pa chipata. Potuluka m'tchalitchi ndinamva bambo wina akuuza mnzake kuti za njerwa zisativute, mphakati uliwonse ungoumba zake n'kuotcha uvuni umodzi monga tinachitira pomanga mpanda. Mnzakeyo anavomera. Palibe anafunsa kuti nkhuni zake zichokera kuti.

Phunziro la sabata ino lachokera pa funso limeneli. Bambo Mfumu andilola kuti ndiliike m'kalata ino kuti tikalikambirane m'miphakati tisanagule ngakhale thumba limodzi la simenti.

Tiyambe tatsata madzi

Mtsinje wa Likangala tonse timaudziwa. Umachokera ku phiri la Zomba, n'kudutsa m'tauni mwathu muno, ndipo ambiri timangouona tili pa mlatho. Ukatuluka m'tauni umatsikira kum'mawa mpaka kukathera m'nyanja ya Chilwa, mbali yomwe kuli doko la Kachulu, mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera kuno. Domasi ndi Thondwe nayonso imakathera komweko. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndiye chilichonse chimene mitsinjeyi yanyamula chimakakhala momwemo. Dothi lokokoloka pa phiri lopanda mitengo silibwerera. Limakadikha pansi pa nyanja yomwe ndi yosazama kale, yoti m'malo ambiri bwato amaliyendetsa ndi mponda wansungwi.

Mu 2018, ndili pa sukulu ku Chancellor, tinapita ku Kachulu ndi anzanga. Doko tinalipeza, koma madzi ayi. Mabwato anali atagona chammbali pa matope ong'aluka, ndipo chilumba cha Chisi chinkaoneka ngati phiri la kumtunda. Azakhali anga, amene analera ana anayi ndi geni ya matemba a ku Chilwa, chaka chimenecho anayamba kugulitsa makala. Ndiye kuti nyanja itawakana anatembenukira ku mitengo, pamene kutha kwa mitengo ndi chimodzi mwa zinthu zimene zikudwalitsa nyanjayo.

Ndisakunamizeni kuti njerwa ndi zimene zinaumitsa Chilwa. Nyanjayi imaphwa mvula ikavuta zaka zotsatizana, ndipo inaumapo mu 1968 ndi mu 1995, n'kuphweranso kwambiri mu 2012. Zimenezi zinayamba tauni yathu isanakule chonchi. Koma nyanja yodzala matope imaphwa msanga kuposa yozama, ndipo mtsinje wochokera pa phiri lometedwa umasefukira m'dzinja n'kuuma m'chilimwe. Pamenepa ndi pamene uvuni wathu ukulowerera. Uvuni wa njerwa sufuna tizitsotso. Umafuna zipika zikuluzikulu zoyaka usiku ndi usana, ndipo aliyense amene anaotchapo njerwa akudziwa kuti mitengo yachilengedwe ndi ya mango ndiyo imasakidwa. Mtengo umene unatenga zaka makumi kuti ukule umatha m'masiku atatu kapena anayi. Kenako pamatsala maenje amene tinakumbamo dothi, odzala madzi ndi udzudzu, momwe ana amaseweramo.

Lamulo lilipo kale

Ambiri sitidziwa kuti boma linachitapo kale kanthu pa nkhaniyi. Mu 2018, chaka chomwe Kachulu anauma, kunatuluka malamulo pansi pa bungwe la National Construction Industry Council, lomwe pa nthawiyo tinkangoliti NCIC, oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pomanga nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda. M'malo mwake akulimbikitsa mabuloko a simenti, njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono zopanikiza pa makina, komanso njerwa zootcha m'mauvuni amakono osadya nkhuni. Mu 2020 Nyumba ya Malamulo inakhwimitsanso lamulo la nkhalango, zilango za odula mitengo ndi ootcha makala popanda chilolezo zinakwera.

Tsono yendani m'makwalala athu mwezi wa Ogasiti kapena Seputembala muwerenge mauvuni amene akufuka. Lamulo lolembedwa pa pepala siliyenda lokha. Limafuna anthu olidziwa, olikumbutsa akuluakulu, ndi oyamba kulitsata iwo eni. Ogwira ntchito ku khonsolo ndi ochepa, sangaime pa puloti iliyonse. Apa ndi pamene pakufunika kagulu ka anthu odzipereka, ndipo ndikupempha kuti parishi yathu ikhale nako.

Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, anakambapo za zimenezi mwachindunji. Pa ndime 179 ndi 180 akufotokoza kuti kusintha kwenikweni kumayambira kumadera, kuti nzika zikapanda kukakamiza maboma awo, kuphatikizapo makhonsolo, kuononga chilengedwe sikungaletseke, ndipo akutchulanso kamangidwe ka nyumba ngati imodzi mwa ntchito zoyenera kukonzedwa. Amene muli ndi kalatayi mukawerengere anzanu ndime ziwirizi ku mphakati.

Zimene a ku Kachulu angatiphunzitse

Ife a m'tauni timakonda kuganiza kuti nzeru za makomiti zimachokera kuno kupita kumudzi. Pa nkhani iyi n'zosemphana. Anthu a m'mbali mwa Chilwa anayamba kale, ndipo anayamba pa nthawi yowawa.

Nyanja itauma mu 1995, nsomba zotsala zinathawira m'maiwe a m'mitsinje ndi m'mathiriro. Anthu anali ndi njala, ndipo chapafupi chinali kukathira katupe m'maiwemo n'kutola nsomba zonse tsiku limodzi. Mafumu, asodzi ndi a nthambi ya za usodzi anagwirizana zoletsa zimenezo, n'kukhazikitsa makomiti oti azilondera. Ankateteza mbewu. Madzi atabwerera, nsomba zopulumuka zija ndi zomwe zinaswana n'kudzazanso nyanja ndi matemba, milamba ndi makumba. Lamulo la za usodzi la 1997 linadzapereka mphamvu ku makomiti a m'madoko otere, omwe amadziwika kuti ma BVC, ndipo ndi omwe amathandiza kuonetsetsa kuti nthawi yotseka nyanja ikulemekezedwa. Chaka chomwecho Chilwa inalowa m'gulu la madambo otetezedwa pa dziko lonse pansi pa pangano la Ramsar.

Si kuti makomitiwa ayenda bwino nthawi zonse. Pena akhala akukokana ndi mafumu pa nkhani ya zindapusa, pena eni makoka akuluakulu ndi amene amalamula, pena asodzi amawaona ngati apolisi a boma osati anzawo. Koma pamene agwira ntchito, chifukwa chake chakhala chimodzi: mamembala ake ndi anthu oti nsomba zikatha iwonso agona ndi njala.

Chitsanzo china chikukhudza zomangamanga zenizeni. Kuyambira mu 2010, pulogalamu ya Lake Chilwa Basin Climate Change Adaptation Programme, yomwe inkayendetsedwa ndi LEAD ya ku Chancellor pamodzi ndi WorldFish ndi bungwe lofufuza za nkhalango la FRIM ndi thandizo la dziko la Norway, inathandiza magulu a amayi okonza nsomba, kuphatikizapo a ku Kachulu, kumanga tinyumba toyanikira nsomba ndi dzuwa. Kanyumba kake n'kosavuta: mitengo, pepala lapulasitiki loonekera, mathandala m'kati, ndi mipata yoti mphepo izidutsa. Matemba amauma msanga, opanda mchenga ndi ntchentche, ndipo pa msika amagulidwa bwino. Panabweranso mauvuni owambira nsomba osadya nkhuni zambiri. Amayiwa sanakopeke ndi mawu akuluakulu a kusintha kwa nyengo. Anaona kuti nsomba zoola zachepa ndipo ndalama ya nkhuni yatsala m'thumba.

Ine ndinaphunzira zimenezi mochedwa. Zaka zitatu zapitazo ndinali wapampando wa kagulu ka achinyamata kosamalira chilengedwe, komwe kanabadwa bungwe lina litabwera ndi malaya ndi ndalama ya chakudya chamasana. Tinali anthu oposa 40. Tinadzala mitengo, tinajambulitsa zithunzi, tinaziika pa Facebook. Bungwe lija litamaliza ntchito yake, pa msonkhano wotsatira tinabwera anthu anayi, ndipo mitengo ija mbuzi zinadya. Sindikuloza chala bungwelo. Cholakwa chinali changa, chifukwa ndinasonkhanitsa anthu ndisanadziwe chimene tikufuna kusintha, ndiponso panalibe ndi mmodzi yemwe woti mitengoyo ikafa iye aluzapo kanthu.

Komiti yake ikhale yotani

Ikhale yaing'ono, anthu asanu mpaka asanu ndi awiri. Ikaposa apo imasanduka msonkhano, ndipo msonkhano sulemba kalata. Tisasankhe anthu omwe aja amene ali kale m'makomiti anayi. Pakhale mmisiri womanga nyumba, woti akagwira buloko adziwe ngati simenti yachepa. Pakhale mayi amene amagula nkhuni kapena makala tsiku ndi tsiku. Pakhale wachinyamata wodziwa kompyuta, ndi mmodzi wa ku komiti ya chuma kuti zokamba zathu zisamayandame. Ndipo pakhale woumba njerwa.

Pa woumba njerwayu ndikhalitsepo, chifukwa ndikudziwa kuti ena mudabwa. M'parishi muno muli anyamata ndi abambo amene fizi ya ana awo imachokera m'chikombole. Ena ndi a kwaya, ena ndi otumikira pa guwa akale. Tikapanga komiti yokamba za njerwa iwo palibe, adzaimva ngati komiti yowalanda nsima, ndipo adzakhala akunena zoona. Akakhalamo, funso limasintha. Sitifunsanso kuti tiwaletse bwanji, koma kuti manja omwewa aphunzire bwanji kuumba mabuloko kapena kuyendetsa makina opanikizira njerwa, ndani angawaphunzitse, ndipo makinawo tingawapeze bwanji ngati gulu. Holo yathu ikhoza kukhala sukulu yawo yoyamba, ndipo ikatha iwo n'kutsala ndi luso logulitsa kwina. Komiti yoiwala zimenezi idzakhala ya anthu olandira malipiro pa mwezi amene akuphunzitsa osauka kukonda mitengo.

Chimodzimodzi mayi wamasiye amene waumba zidina kuseri kwa nyumba yake kuti awonjezere chipinda. Komiti yathu ilibe naye mlandu. Malamulo a 2018 akuyang'ana nyumba zikuluzikulu, ndipo ifenso tiyang'ane komweko, kwa amene ali ndi ndalama zosankhira.

Za alawansi tinene poyera tsiku loyamba kuti kulibe. Amene atsale atamva zimenezo ndiwo komiti.

Ntchito yoyamba ndi kuwerenga

Tisanapite kwa wina aliyense, tidziwe nkhani yathu ndi manambala athuathu. Mamembala awiri apite kwa ootcha njerwa atatu kapena anayi akafunse mwaulemu kuti uvuni wa kukula kwakuti umadya ngolo kapena malole angati a nkhuni, nkhunizo amazigula kuti, pa mtengo wanji, ndipo pa njerwa zonse zimasweka kapena kupserera zingati. Awiri ena apite kwa oumba mabuloko ndi kwa amene ali ndi makina a njerwa zopanikiza. Kenako mmisiri wathu awerengere khoma limodzi la holo m'njira zitatu zonsezi.

Powerengera tisayerekeze mtengo wa njerwa imodzi ndi wa buloko imodzi, pamenepo ndi pamene ambiri timasocherera. Tiyerekeze khoma lomalizidwa. Njerwa zathu zootcha sizifanana kukula, ndiye zimadya matope ambiri pomanga ndi pulasitala wokhuthala pobisa mabampu. Buloko imodzi imatenga malo a njerwa zingapo ndipo khoma limakwera msanga, tsono masiku olipira amisiri amachepa. Mwina tikawerenga tidzapeza kuti njerwa zootcha zikutchipabe. Ngati ndi choncho tidzanene choncho pamaso pa mpingo, kenako tidzafunsane ngati kusiyanako tingakusenze. Komiti ikangobisa nambala imodzi, palibe adzaikhulupirirenso.

Tisapembedzenso buloko. Simenti ndi yodula, kupanga kwake kumatulutsa utsi wambiri, ndipo mchenga wake nthawi zambiri umakumbidwa m'mitsinje yomwe ija tikuti tikuiteteza, magombe n'kumagumuka. Palinso mabuloko achinyengo, oti thumba limodzi la simenti alitambasula mopitirira muyeso ndipo sanawathirire madzi masiku okwanira, ukawakanda ndi chala amayoyoka. N'chifukwa chake ine mtima wanga uli pa njerwa zopanikiza, poti dothi lake likhoza kuchokera pa malo pomwepo ndipo simenti imalowa yochepa, ngakhale zimafuna dothi loyenera ndi munthu woliyeza. Awa ndi maganizo anga chabe, mmisiri akhoza kunditsutsa.

Kumanga kosamala chilengedwe sikuthera pa khoma. Mawindo akulu oyang'anizana amalowetsa kuwala ndi mphepo, moti masana sitingafune magetsi. Denga lotulukira kunja ndi khonde zimateteza khoma ku mvula. Maziko okwera, okhala ndi pepala loletsa chinyezi, ndi ngalande zotsogolera madzi ndi zimene zimasiyanitsa nyumba yoima ndi yogwa. Tonse tikukumbukira Malichi 2023, namondwe Freddy atagwetsa nyumba zambirimbiri kuno kummwera, makamaka zomangidwa ndi matope pa maziko osaya ndi zomangidwa m'njira za madzi. Denga la holo ndi lalikulu, ndipo tikaika magatala ndi thanki, madzi amene akanakumba msewu wathu n'kutengera dothi ku Likangala adzatsuka zimbudzi ndi kuthirira mitengo.

Kugogoda pa khomo loyenera

Tikakonza zapakhomo, pamenepo tikhoza kulankhula kunja. M'buku la Nehemiya, mutu 3, pomanganso linga la Yerusalemu, ambiri anapatsidwa chigawo choyang'anizana ndi nyumba zawo. Chigawo chathu choyamba ndi holo. Sitingapite ku khonsolo kukadandaula za mauvuni a ena utsi wa uvuni wathu ukuoneka kuseri kwa tchalitchi.

Popita kunjako tinyamule pempho limodzi, lomveka, loti munthu akhoza kuliyankha kuti inde kapena ayi. Kunena kuti boma lisamale chilengedwe si pempho, aliyense adzavomera n'kutiperekeza pa khomo. Pempho ndi monga ili: kuti khonsolo ya mzinda wa Zomba, povomereza mapulani a nyumba za malonda ndi za mabungwe, izilemba pa chilolezo mtundu wa njerwa zololedwa ndi kukaona ngati zatsatidwa. Kapena ili: kuti malo okumba mchenga m'mbali mwa Likangala adziwike ndipo ena atsekedwe. Tisankhe limodzi chaka chino.

Khomo loyamba ndi khansala wa dera lathu, chifukwa ndiye amalowa m'zokambirana za khonsolo ndipo mavoti athu amawafuna. Kalata ipitenso kwa mkulu wa khonsolo, ndipo ina ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga yofunsa mmene malamulo a 2018 akukhudzira nyumba ngati holo ya mpingo, kuti yankho lake tikhale nalo lolembedwa. Kalata iliyonse ikhale ndi kope lathu lodindidwa tsiku limene yalandiridwa. Pakatha milungu iwiri wina apiteko, pakathanso iwiri apitenso. Ntchito yambiri ya komiti yotere ndi yotopetsa chonchi, kukhala pa benchi kudikira bwana amene ali ku msonkhano. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikumbukirenso kuti lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, choncho kufunsa kuti mapulani angati avomerezedwa ndi angati ayenderedwa si mwano.

Sitili tokha. Mpingo uli ndi CCJP, yomwe ntchito yake ndi chilungamo ndi mtendere ndipo imadziwa makomo a maofesi, komanso CADECOM, yomwe imagwira ntchito za chitukuko m'midzi. Komiti yathu ikadziwitse onsewa ku dayosizi isanayambe kuyenda. Kumbali ya ku Kachulu njira yake ndi ina: nkhani imayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kupita ku ya dera la mfumu yaikulu, kenako ku khonsolo ya boma la Zomba. Tsiku lina kalata yosainidwa ndi akhristu a m'tauni pamodzi ndi asodzi ndi amayi a pa doko idzalemera kuposa ya ife tokha, popeza ife tili kumutu kwa mtsinje, iwo ali kumathero.

Chenjezo limodzi: komiti isavale mtundu wa chipani. Andale adzabwera, ena ndi matumba a simenti. Tiwalandire mwaulemu, tiwapatse pempho lathu lolembedwa, lomwelo kwa onse, ndipo za mphatso akakambe ndi Bambo Mfumu ndi khonsolo ya parishi.

Ndapempha a komiti ya chitukuko kuti asalamule miphakati kuyamba kuumba mpaka patatha milungu isanu ndi umodzi, ndipo avomera, ngakhale ena monyinyirika poopa kuti mitengo ya zipangizo ikwera tikudikira. Mantha amenewo ndi oona, n'chifukwa chake nthawiyi tisaionjezere. M'milungu imeneyi komiti yatsopano ibweretse manambala a khoma lija pamaso pa mpingo wonse.

Ku mphakati sabata ino mukambirane kuti nkhuni zimene tinaotchera njerwa za mpanda zinachokera kuti, ndipo ndani pakati panu amene amadya za njerwa, za mchenga kapena za nsomba za ku Chilwa. Mphakati uliwonse utumize dzina limodzi kwa mlembi wa parishi pofika Lachisanu. Osankhidwawo tidzakumane Lamulungu likubwerali Misa yachiwiri ikatha, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya ansembe. Amisiri mubwere ndi tepi yoyezera. Loweruka lotsatira tidzapita ku Kachulu kukacheza ndi a komiti ya pa doko ndi kukaona tinyumba toyanikira nsomba tija, ndipo aliyense adzadzilipirira yekha thiransipoti.